Mlimi Wachitatu

Bambo anga anakhala m'mudzi mwa amayi zaka zoposa makumi atatu, koma sindikumbuka tsiku limene ndinamva munthu wa m'mudzimo akuwaitana ndi dzina lawo. Akuluakulu ankati "akamwini". Amalume, mchimwene wawo wa amayi, ankati "alamu". Ana ankati "bambo a uje", kutchula dzina langa. Kwawo kwenikweni kunali kumapiri, ndipo anatsika ali mnyamata kudzakwatira kuchigwa kuno, pafupi ndi Golomoti. Kwathu mwamuna ndiye amatsata mkazi. Munda ndi wa akuchikazi, ana ndi a akuchikazi, ngakhale mtengo wa mango umene wabzala ndi manja ako, tsiku lochoka umausiya pomwepo.

Ngakhale dzina langa lachiwiri si lawo. Tsiku lokandilembetsa Sitandade 1 bambo anali kumunda kuwokera mpunga, ndiye anandiperekeza ndi amalume. Aphunzitsi atafunsa dzina la bambo, amalume anangotchula lawo, ndipo linakakamira pa mayeso onse mpaka ku yunivesite. Bambo sanadandaulepo. Amayi atamwalira ndili Fomu 3, anthu ankayembekezera kuti bambo asudzulidwa abwerere kumapiri, koma amalume anati, "Khalani alamu, palibe akukuthamangitsani." Anakhaladi, koma ankadziwa kuti akukhalira mawu a munthu. Paja amati mkamwini asamakule mwendo. Pa zokambirana za pabanja ankakhala kumapeto kwa mphasa, ndipo akafunsidwa maganizo ankati zimene anena eni ake zili bwino.

Chinthu chimodzi chokha chinali chawochawo, mbewu ya mpunga. Pa sikimu ya Bwanje aliyense amalima mpunga, koma si aliyense amadziwa kusunga mbewu. Ambiri amangotapa m'thumba lomwe akudyamo n'kukafesa pa nazale, ndipo pakapita zaka zingapo munda umaoneka ngati mutu wometedwa ndi munthu woledzera, wina wamtali, wina wamfupi, wina wofiira, fungo lake lokoma litathawa. Wa bambo sunkatero. Kukatsala masiku ochepa kuti amwete, ankalowa pakati penipeni pa munda ndi kampeni, n'kumadula ngala imodziimodzi. Za m'mphepete sankazifuna, ati zimacheza kwambiri ndi mpunga wa anthu ena. Ngala iliyonse ankayamba aiyang'ana, kutafuna kanjere kamodzi, kenako kuidula kapena kuisiya. Ankaziyanika pamthunzi, osati padzuwa, kuzifikisa ndi manja, kusakaniza ndi phulusa la mankhusu, kuthira mumtsuko n'kumata pakamwa pake ndi dothi. Anthu ankabwera kudzapempha mbewuyo kuchokera ku Mtakataka, ndipo akamapita ankati atenga mbewu ya kwa a uje, kutchula amalume.

Chaka chachinayi ku yunivesite aliyense amayenera kuchita kafukufuku wake. Anzanga anasankha mitu ikuluikulu, yoti ukaiwerenga mpweya umathera panjira. Ine ndinasankha kufufuza chifukwa chake mpunga wa alimi ena umasunga fungo chaka ndi chaka pomwe wa ena umalitaya. Ndisaname, ndinasankha mutuwo chifukwanso kunali kwathu, kogona ndi kodya kunalipo. Amene ankandiyang'anira anali mayi wina wokhwima pa ntchito koma wachilungamo. Anandivomera, n'kundipatsa mulu wa mafomu oti ndikasainitse alimi.

Lamulo la kafukufuku limati usanafunse munthu kanthu, umuwerengere fomu, amve, avomere, asaine. M'fomumo muli mzere wonena kuti dzina lake silidzatchulidwa paliponse. Lamuloli ndi labwino, sindikulinyoza. Alimi awiri oyamba amene ndinacheza nawo, nditafika pa mzere umenewo ndi pamene anamasuka, mpaka mmodzi anayamba kundiuza za amene amatseka ngalande kuti madzi apite kumunda kwake kokha. Wachitatu anali bambo. Kodi munthu ungakhale pansi kuwawerengera fomu bambo ako okubereka, ngati wabwera kudzawerenga anthu? Ndinangotambasula pepala pa bondo n'kunena kuti, "Ababa, sainani apa."

"Ndilembe dzina langa?"

"Eya, pa mzere uwu."

Anati ndidikire. Analowa m'nyumba, ndipo atatuluka anali atavala malaya awo a kutchalitchi, m'manja atanyamula kalendala yakale. Anayamba ayeserera kuseri kwa kalendalayo, kawiri, katatu, lilime lili pakona pa mlomo. Kenako analemba pa fomu paja maina onse atatu, chilembo chimodzichimodzi, mpaka anapitirira mzere. Anandiuza kuti nthawi yomaliza kulemba dzina lawo lonse inali tsiku la ukwati wawo ku Mua.

"Ndiye likalowa m'menemu lafika ku yunivesite?"

"Lafika, ababa."

Sindinaname kwenikweni. Fomuyo inafikadi ku yunivesite, n'kukatsekeredwa m'kabati ya chitsulo pamodzi ndi anzake. Masana amenewo bambo analankhula monga sindinawamvepo. Munthu amene pa mphasa ya pabanja ankatha ndi mawu asanu analankhula mpaka foni yanga yojambulira inatha moto, ndipo tinapitiriza ndi cholembera. M'lipoti langa alimi onse ndinawapatsa manambala malinga ndi mmene ndinawafikira. Bambo anakhala Mlimi Wachitatu, ndipo mawu ambiri amene ndinagwira m'lipotimo anali awo.

Patapita miyezi, mayi ondiyang'anira aja anandiitana mu ofesi mwawo. Anati chaka chilichonse kumakhala msonkhano wa ophunzira a m'mayunivesite a dziko lonse amene sanamalize digiri yoyamba, kumene amakafotokoza kafukufuku wawo, ndipo zolemba zosankhidwa amazisindikiza m'buku limodzi. Anali atatumiza chidule cha ntchito yanga, ndipo anaivomera. M'kalasi mwathu ndinali ndekha. Nditatuluka panja ndinaimbira bambo, ndipo mwamwayi foni yawo inali ndi moto.

"Ababa, andisankha. Ndikalankhula ku Lilongwe, pa msonkhano wa ophunzira a dziko lonse. Za mpunga zija azisindikiza m'buku."

"Buku lenileni, la chikuto?"

"Lenileni."

Ndinamva kaphwete. "Ndiye ukawauze alembe bwino. Lachiwiri lija anthu amakonda kulilakwitsa."

Apo m'pamene ndinazindikira chimene bambo ankaganiza kuti anasainira. M'malo mowauza, ndinati netiweki ikuvuta, ndiimbanso.

Njira inalipo, ndipo ndinaidziwa. Kumapeto kwa pepala lotere kumakhala kachigawo ka mawu othokoza. Ndinalembamo maina awo onse atatu, n'kuwonjezera kuti ndi bambo anga ndipo ndi amene anandiphunzitsa za mbewu. Mayi aja atawerenga anavula magalasi.

"Mlimi Wachitatuyu ndi bambo ako?"

"Inde, madamu."

"Ukadanena kale. Si mlandu ayi. Ngati iwo akufuna kutchulidwa, upite akasaine fomu ina yovomereza, ndipo m'pepalamo ulembe poyera kuti mmodzi wa alimiwo ndi kholo lako. Koma ndikuuziretu, kumsonkhano kuli anthu okonda kufunsa. Wina adzati kafukufuku wako ndi wa pakhonde pa kwanu. Ukonzeke kumuyankha. Usankhe wekha."

Sanandikanize. Zimenezi ndimafuna zimveke, chifukwa kwa nthawi yaitali ndinkauza anthu kuti linali lamulo. Ndinapita m'chipinda cha makompyuta, ndinayang'ana maina atatuwo kwa kanthawi, ndipo ndinaganiza za chipinda chodzaza ndi mapulofesa, wina ataimirira n'kufunsa m'Chizungu chotulukira m'mphuno ngati ndinafufuza kapena ndinangocheza ndi bambo anga. Ndinachita mantha, ndinachitanso manyazi. Ndinafufuta mzerewo ndi chala changa, n'kusiya wothokoza yunivesite ndi alimi a ku Bwanje onse pamodzi.

Popita ku msonkhano ndinadzera kumudzi. Inali nyengo yotentha, minda ya mpunga ili mbee, mbuzi zikudya ziputu. Ndinapeza nkhani yafika kale paliponse, moti ngakhale wa kabaza amene ananditenga pa Golomoti anandiitana kuti adokotala. Bambo anali atandikonzera kathumba ka mpunga wopuntha kale, wosankha ndi manja, wopanda ndi kamwala komwe.

"Akuluakuluwo asamangomva za fungo, alinunkhize," anatero. "Munthu sakhulupirira ndiwo za pa pepala."

Ndinalandira ndi manja awiri. Tsiku lonse ndinkafuna pabwino poti ndiwauze za dzina, koma pabwino sipanapezeke, kapena ndinene kuti sindinapafune kwenikweni. M'mawa mwake anandiperekeza mpaka pamsewu, ananyamula chikwama changa paphewa, ndipo minibasi itayamba kukwera phiri la Khwekhwerere ndinadziuza kuti ndidzawauza pobwera.

Msonkhano unachitikira pa hotela ina yaikulu. Pakhomo anandipatsa baji yolendewera m'khosi, pali dzina langa ndi la amalume m'zilembo zazikulu. Ophunzira ena anabwera m'magulu, asanu kapena khumi a sukulu imodzi, atavala malaya ofanana, akujambulana pamasitepe. Ine mayi ondiyang'anira aja mwana wawo anadwala, sanabwere. Pa nthawi ya tiyi anthu amamwa choimirira, mbale kudzanja lino, kapu kudzanja linalo, n'kumacheza, ndipo mpaka lero sindidziwa kuti amadya ndi dzanja liti. Ndinaima pafupi ndi chipilala. Mtsikana wina anawerama kuwerenga baji yanga, anafunsa mutu wa kafukufuku wanga, ndipo nditati mbewu ya mpunga anati "ooh, zabwino," maso ali kale kwa munthu wina. Masiku awiri amenewo ndinasungulumwa kuposa mmene ndinasungulumwira pa maliro a amayi, chifukwa pamaliro pamakhala woti akugwire dzanja.

Tsiku loyamba ndinangomvera anzanga. Ena anali anzeru zoopsa, ndisawachotsere. Mnyamata wina anapanga kachipangizo koyeza madzi a pachitsime, mtsikana wina anafufuza chifukwa chake amayi oyembekezera amachedwa kuyamba sikelo. Koma kulikonse ndinkangomva manambala a anthu. Woyankha Wachisanu anati chakuti, Mayi Wachiwiri anati chakuti. Ndinayamba kudzifunsa kuti mwa anthu onsewa ndi angati anavala malaya a kutchalitchi posaina.

Nthawi yanga inali tsiku lachiwiri, titangodya nkhomaliro, m'kachipinda ka kumapeto kwa khonde. Nthawi yomweyo m'holo yaikulu munali za mafoni ndi makompyuta, ndiye anthu onse anakhamukira kumeneko. Chipinda chodzaza ndi mapulofesa chimene ndinkachiopa chija chinali ndi anthu asanu ndi awiri. Atatu anali oti alankhula pambuyo panga, ndipo milomo yawo inkangoyenda kuloweza zawo. Mmodzi anali wosunga nthawi, wina wotsogolera zokambirana, wina anali atagonja kale ndi nkhomaliro. Wotsala anali bambo wina wachikulire wa imvi, wa jekete yothaitha m'zigongono, amene anakhala kutsogolo ndi kabuku.

Anandipatsa mphindi khumi. Ndinalankhula mothamanga ngati ndikuthawa mvula. Ndinaonetsa chithunzi cha mtsuko womata ndi dothi, ndi china cha manja awiri atagwira ngala ndi kampeni. Nkhope ndinali nditaidula, monga lamulo linenera. Ndinawerenga mawu a Mlimi Wachitatu m'Chizungu chimene ndinawamasulira, ndipo anamveka ngati a munthu wina wake amene sindinakumanepo naye. Kathumba kaja kanali m'chikwama pansi pa tebulo. Ndinkati ndikatulutsa pomaliza, koma wosunga nthawi anakweza chikwangwani choti kwatsala mphindi imodzi, ndipo ndinangothamangira ku mawu omaliza.

Funso linali limodzi lokha, la bambo a imvi aja. Sanafunse za pakhonde pa kwathu. Anafunsa m'Chichewa, mofatsa.

"Mwanawe, Mlimi Wachitatuyu ali moyo? Ndaphunzitsa za mbewu zaka zambiri, ndipo zimene akuchita munthu ameneyu ndi zimene ife timalemba m'mabuku, kungoti iye akuzichita bwino kutiposa. Ndani ameneyu? Munthu angamupeze bwanji?"

Pakanakhala poti ndinene, panali pamenepo. Ndikanangoti ndi bambo anga, n'kutchula maina atatu aja, palibe akanandimanga. Koma ndinayang'ana wotsogolera zokambirana ndi cholembera chake, ndipo ndinayankha m'Chizungu chosalala kuti malamulo a kafukufuku sandilola kuulula amene ndinacheza nawo. Wotsogolerayo anagwedeza mutu, n'kuuza ophunzira enawo kuti atengere chitsanzo, umu ndi mmene wofufuza weniweni amayankhira. Anandiwombera m'manja, mpaka wogona uja anadzuka n'kuwomba nawo. Bambo a imvi anangolemba kanthu m'kabuku kawo.

Anthu atatuluka ndinatsala ndekha m'chipindamo. Kunalowa mayi wina wosesa, ndipo poti ndinalibe wina womupatsa, ndinamupatsa kathumba kaja. Anamasula, kununkhiza, n'kutseka maso.

"Uwu ndiye mpunga. Wa kuti?"

"Wa ku Bwanje. Amalima bambo anga."

"Mukawathokoze. Woterewu sitiupezanso pamsika."

Anali munthu yekhayo mu Lilongwe monse amene ndinamuuza kuti ndi bambo anga. Pobwerera sindinadzere kumudzi. Pa foni ndinawauza kuti zinayenda bwino, anthu anawomba m'manja, ndipo mpunga anaununkhiza n'kuuyamikira. Chilichonse mwa zimenezi chinali choona, ndipo ndinadana nazo kuti ndayamba kudziwa kunama ndi zoona.

Buku linatuluka mvula itagwa kale, mpunga utawokeredwa. Linali lokhuthala, la chikuto chobiriwira, ndipo langa linali pepala limodzi mwa ambiri, masamba anayi chapakati. Ndinali nditamaliza mayeso, ndiye ndinabwera nalo ndekha. Ndinawapeza bambo akuchokera kumunda, matope mpaka m'mawondo. Sanalikhudze. Anayamba asamba m'manja ndi sopo, kupukuta pa thaulo, kenako anakhala pakhonde n'kuliika pa miyendo.

Bambo Chizungu sadziwa, koma dzina ndi dzina m'chilankhulo chilichonse. Ndinawatsegulira pa tsamba langa. Pamwamba penipeni anapeza dzina langa, ndipo pambali pake la amalume. Chala chinaima pamenepo pang'ono, kenako chinatsika. Anayenda nacho mzere uliwonse, kuchokera kumanzere kupita kumanja, masamba onse anayi, ngakhale m'munsi mwa zithunzi. Pa chithunzi cha manja anaima, anayang'ana dzanja lawo, n'kupitiriza. Atafika kumapeto anabwerera poyamba n'kuyambiranso. Ine ndinakhala pansi pambali pawo, nkhuku zikutola mankhusu pabwalo, ndipo ndinkalakalaka wina abwere kudzapempha moto kapena mchere kuti tidukize.

"Kapena lili kumapeto kwa buku lonse?" anafunsa.

Apo ndinawauza. Ndinafotokoza za fomu, za mzere umene sindinawawerengere, za manambala. Ndinati ndi lamulo, limateteza anthu. Za mawu othokoza amene ndinafufuta sindinanene, za bambo a imvi ndinanena theka, kuti munthu wina wamkulu anafunsa za iwo ndipo ndinalephera kuwatchula. Anamvetsera osandidula.

"Ndiye ine ndi uti m'menemu?"

Ndinawalozera. Anati ndiwawerengere zimene ananena munthuyo. Ndinayamba kubweza mawu awo kuchokera m'Chizungu kupita m'Chichewa, za ngala za pakati, za mthunzi, za phulusa. Ankagwedeza mutu pang'onopang'ono. Nditamaliza anatseka bukulo bwinobwino n'kundibwezera.

"Mlimi Wachitatuyo mpunga amaudziwa," anatero. "Ukalisunge pouma, kuno kuli chiswe."

Sanakwiye, ndipo ndikanakonda akanakwiya. Miyezi yotsatira ndinakhala pamudzi kudikira ntchito. Tinkapita limodzi kumunda, kupalira, kuyang'ana madzi m'ngalande, kuingitsa mbalame mpunga utayamba kucha. Tinkalankhula za mvula ndi za mbuzi za aneba. Za mbewu sanandiuzenso kanthu, ndipo ine sindinafunse. Nyumba ya anthu awiri ikakhala ndi nkhani imodzi yosakambidwa, imakula ngati tchalitchi cha pakati pa sabata.

Mpunga utatsala pang'ono kumwetedwa, tsiku lina chakum'mawa kunafika galimoto yoyera. Munali anthu atatu a bungwe lina loona za mbewu. Anali atawerenga pepala langa, ndipo ankafuna kuyamba ntchito yophunzitsa alimi kusunga mbewu zawo. Pa Golomoti anafunsa dzina limene linali pamwamba pa pepala, ndipo aliyense anawalozera kwa amalume. Mwana wa amalume atabwera kudzatiitana, tinapeza alendo ali pansi pa mtengo wa mango, amalume atavala jekete, anthu a m'mudzi atayamba kusonkhana. Mipando inaperewera, ndipo amene anapita kukatenga ina kunyumba kwathu anali bambo. Ataiika, anakakhala pa muzu wa mtengowo, kumbuyo kwa amayi a m'mudzi.

Amalume si munthu woipa, ndipo sanabe kanthu mwadala. Alendo anabwera ndi dzina lawo, pakhomo pawo, kudzafunsa za mbewu imene dera lonse limaitchula kuti ndi ya kwawo. Akanatani? Anayamba kufotokoza, ndipo pakamwa amalume Mulungu anawapatsa. Anati mbewuyi ndi ya makolo athu, tinaisunga kuyambira kale. Mlendo wina, mayi wa kabuku m'manja, atafunsa kayanikidwe kake, amalume anati timaiyanika padzuwa lamphamvu masiku atatu kuti iume gwa. Mayiyo anakweza maso, anayang'ana pepala langa limene linali pa miyendo pake, kenako anayang'ana ine. Ndinatembenukira kwa bambo. Anali akuchotsa kaminga ku chidendene.

Sindikudziwa chimene chinandigwira. Mwina ndinali nditatopa ndi kudzida. Ndinaimirira pakati pa anthu, mwana wamkazi pamaso pa amalume ake, n'kunena mokweza kuposa mmene ndinafunira.

"Pepani alendo. Mlimi Wachitatu amene mukumufunayo ndi awo akhala apowo. Ndi bambo anga."

Ndinatchula maina onse atatu, lachiwiri lija ndinalitchula bwino. Amayi amene anakhala kutsogolo kwa bambo anasendera uku ndi uku kuti alendo awaone. Nkhope ya amalume inagwa, ndipo anayamba kukonza kolala ya jekete imene inali bwinobwino. Mayi wa kabuku uja anamwetulira, anadzuka ndi mpando wake kuti akakhale pafupi ndi bambo.

Bambo anaimirira, anavula chipewa, n'kuwomba m'manja mwaulemu kuyang'ana kwa amalume.

"Pepani alamu, mwanayu wakula ndi sukulu. Alendo, ine ndine wobwera m'mudzi muno. Za mbewu funsani eni ake, ndi awa akukuuzaniwa. Ine mundikhululukire, mbalame zikundithera mpunga."

Anavala chipewa n'kumapita. Alendo anakhalabe kwa kanthawi, amalume anapitiriza koma mawu atachepa mphamvu, ndipo mayi uja ankalemba mochedwa. Ine ndinakhala pansi, makutu akutentha, amayi ena akundiyang'ana cham'mbali. Galimoto itanyamuka sindinadikire kuti amalume andiitane. Ndinalunjika ku sikimu.

Ndinawapeza pakati pa munda, mpunga ukuwafika m'chiuno, kathumba kali paphewa, kampeni m'manja. Ndinayenda pa mzere wa dothi wolekanitsa minda mpaka pamene ndikanatha kulankhula osakuwa. Ndinali nditakwiya, ndipo misozi inali pafupi.

"Ababa, mwandichititsa manyazi. Anthu aja amafuna inu. Ndakutchulani pamaso pa onse, inu n'kukana. Si mmene munkafunira?"

Anagwira ngala, kuiyang'ana, kutafuna kanjere, n'kuisiya.

"Uja anakufunsa ku Lilongwe uja, anafunsa pamaso pa anthu?"

"Eya."

"Amalume ako analipo?"

"Ayi."

"Amene anaimirira kutsogolo anali ndani?"

"Ndinali ine."

"Ndiye kumene kunali kwako n'kumeneko, mwana wanga. Ukananditchula kumeneko sukanalanda munthu kanthu. Kuno ukanditchula, wavula amalume ako jekete pakhomo pawo, ndipo mawa ine ndi amene ndikumane nawo pa ngalande." Anadula ngala ina n'kuiponya m'kathumba. "Kuno ndi kwa eni."

Kenako, osatembenuka, anandiuza kuti ngati ndikubwerera kumudzi ndidzere kwa amalume ndikapepese, ndipo ndikatengeko mipando yathu ija.